Makobiri a Atate

Lachiwiri madzulo

Amake Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Ndikukumbutsaninso, tsiku ndi Loweruka la sabata yamawa kwa Atate ku Kabwata, 10 koloko. Tinagwirizana K200 nyumba iliyonse. Apereka ndi atatu chabe: ine, a Yohane ndi Chisomo. Otsalanu mukudzidziwa.

Bambo a Tiya: Ine ndisanatulutse ngwee ndimve kaye. Makobiriwo onse pamodzi ndi ndalama zingati?

Chisomo: Asuweni mwayambapo.

Bambo a Tiya: Ndangofunsa.

Amake Dalitso: K200 ndi ya chakudya, ya mabuku awiri oikamo makobiri amene a Yohane anatigulira ndi ndalama zawo, ndi kasikelo. Palibe akugulitsa kanthu pano.

Dalitso: Agogo akuti ndikuwerengereni za m'kope mwawo. Paja Januwale aliyense amalemba zimene akufuna kuchita ndi makobiri chaka chimenecho. Chaka chatha analemba zitatu: kupeza hafu peni ya Federation ya akadyamsonga awiri, kupeza kobiri lina la Constantine, mfumu ya Aroma, ndi kuleka kugula zimene ali nazo kale. Ziwiri zinatheka, chachitatucho musandifunse. Chaka chino pali mzere umodzi basi. Akuti sagulanso, alemba zonse m'buku ndipo azipereka ali moyo.

Amake Mwai: Ambuye awasunge apongozi athu 🙏🙏

Azakhali ku Katete: (uthenga wa mawu, 3:47)

Chisomo: Wamvetsera atiuze, bandulo yanga yatsala pang'ono kutha.

Dalitso: Akuti kumudzi mvula ikugwa bwino, feteleza alibe, ndipo alongo awo asamalankhule ngati munthu wotsanzika.

Yohane: Azakhali musade nkhawa, ndalankhula nawo Lamlungu, ali bwinobwino. Akungofuna kuti zinthu zikhale poyera iwo akuona. Tonse tikukumbukira mmene zinayendera Amayi atatisiya.

Chisomo: Makina osokera mpaka lero ali paulendo.

Amake Dalitso: Chisomo.

Chisomo: Sindinatchule munthu.

Bambo a Tiya: Funso langa silinayankhidwe. Lija lalikulu la siliva, la mayi wojintcha, lolembedwa 1780. Zaka zoposa 240 zimenezo. Mnzanga wina wa ku Kamwala akuti loterolo ungagule nalo poloti.

Yohane: Asuweni, mayiyo ndi Maria Theresa wa ku Austria. Anamwalira mu 1780, koma amalonda a ku Arabia ndi ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) anazolowera ndalama yake moti sankalandira ina, ndiye anapitiriza kuisula osasintha chaka. Lopangidwa mu 1860 lalembedwa 1780, la mu 1940 lalembedwanso 1780, ndipo ku Vienna akusulabe mpaka pano. Alipo mamiliyoni ambirimbiri. Limalemera magalamu 28, siliva wake ndi wabwino ndithu, koma mtengo wake suposa kwenikweni wa siliva yemweyo. Poloti iwalani.

Bambo a Tiya: Inu a ku Manchester mumadziwa zonse.

Yohane: Ndi Atate anandiphunzitsa.

Bambo a Tiya: Chabwino. Nanga linabwera bwanji m'banja muno? Nenani inu odziwa.

Dalitso: M'kope alemba kuti linabwera ndi atsibweni awo, pochokera ku nkhondo ya ku Abyssinia mu 1941, ali mu Northern Rhodesia Regiment. Anawapatsa Agogo atakhoza Standard 6.

Bambo a Tiya: Eyaa. Atsibweni kupatsa mwana wa mlongo wawo. Sanapatse ana awo. Ndiye mwana wa mlongo wa atsibweni anga ndani pa gulu pano?

Chisomo: Kuno ndi ku Lusaka asuweni, si ku Mkaika. Lamulo la 1989 likuti munthu akamwalira osasiya wilo, 50 peresenti ndi ya ana, 20 ya mkazi, 20 ya makolo, 10 ya amene ankadalira malemuwo. Mwana wa mlongo wa ndevu zake, wa nyumba yake ku Kanyama, sindikumuonapo.

Azakhali ku Katete: (uthenga wa mawu, 5:12)

Dalitso: Uwu sindimasulira.

Amake Dalitso: Atate ali moyo ndipo foni ya Dalitso amaiwerenga. Tichite manyazi. Ndabwereza: K200. Limbani, ndikuona kuti ukuwerenga.

Lachitatu

Amake Mwai: Mwadzuka bwanji abale. Nkhuku zakula, za masabata 6, zonona bwino. Ofuna andiuze msanga zisanathe.

Chisomo: Zingati alamu?

Amake Mwai: Kwa achibale K130.

Chisomo: Kwa alendo?

Amake Mwai: K130 😂

Bambo a Tiya: Kwanu magetsi alipo? Kuno athima kuyambira 4 koloko m'mawa, nyama ya mufiriji yayamba kununkha.

Amake Mwai: Ku Matero abwera pakati pa usiku, ndinadzuka kusita. Asisi, bwanji ine ndipereke nkhuku ziwiri m'malo mwa K200? Mukhala mutapindula ndi K60.

Amake Dalitso: Nkhuku sizibweza ndalama za a Yohane. Imodzi ndilandira, K70 yotsalayo mutumize.

Dalitso: (chithunzi)

Dalitso: Uyu ndiye Constantine wa chaka chatha. Kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndi maso okha ungati ndi batani lakugwa m'matope, koma ukaika pa galasi la Agogo kumbuyoku kukuoneka asilikali awiri atagwira mikondo, mbendera zili pakati pawo. Mozungulira alemba GLORIA EXERCITVS. Pansi penipeni pali timalemba SMALA, Agogo akuti AL ameneyo ndi Alexandria, kutanthauza kuti kanasulidwa ku Egypt, mu Africa momwe muno. Chithunzi chinapendekera mbali imodzi chifukwa ankasula ndi nyundo, kamodzikamodzi, ndiye wosulayo anaphonya pakati.

Yohane: Ndinakagula ku York. Ndi komwe asilikali anamulonga ufumu Constantine mu 306, chipilala chake chili panja pa tchalitchi chachikulu. Anamwalira mu 337. Koma musaganize zambiri, tamkuwa take timapezeka tambiri, ndinalipira ndalama yosakwana ya sitima imene ndinakwera.

Bambo a Tiya: Zaka pafupifupi 1,700 koma kutchipa kuposa tikiti? Ndiye atsibweni akhala akusungiranji zinthu zimenezi zaka zonsezi?

Chisomo: Inu mumasungiranji Corolla ija yakhala pa njerwa chiyambire 2016?

Bambo a Tiya: Ija ikungofuna giyabokosi.

Amake Mwai: Koma kada bii. Loweruka ndibwere msanga nditsukeko onse aziwala alendo asanafike.

Dalitso: AYI anti chonde

Yohane: Alamu, musakhudze. Kuda kumeneko ndi khungu limene mkuwa wapanga pa zaka mazanamazana, ndi lomwe limauteteza, ndiponso odziwa makobiri amayang'ana lomwelo. Ukalichotsa watsala ndi kachitsulo chabe.

Dalitso: Pali limodzi linakumanapo ndi phulusa ndi ndimu. Nkhope ya mfumu inafufutika, Agogo analemba pambali pake kuti "wovulala".

Amake Mwai: Munthu umafuna kuthandiza.

Amake Dalitso: Zinapita zimenezo.

Dalitso: Chimene Agogo akuopa ndi china. Awiri ayamba kutuluka ufa wobiriwira, wofewa, ukaupukuta umabweranso. Akuti ndi matenda a mkuwa, amabwera ndi chinyezi, ndipo amadya kobiri mpaka kuboola. Ndi mvula ino chitini cha mabisiketi chija chikuchita thukuta mkati. Awiriwo tawapatula.

Yohane: Ndi chifukwa chake ndinagula mabuku aja. Mapepala ake si pulasitiki yofewa ija ya m'maalubamu a zithunzi, imene ija imasiya zomata zobiriwira pa kobiri. Muikemonso timapaketi toyamwa chinyezi, tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Bambo a Tiya: Zonsezi ndamva. Koma onse pamodzi ndi ndalama zingati?

Lachinayi

Yohane: Ndili ndi ganizo, musandiponye miyala. M'makope onse a Atate, chaka ndi chaka, muli chinthu chimodzi chimene sichinachongedwepo: dinari ya siliva ya Tiberius, mfumu ya Aroma imene inalamulira kuyambira chaka cha 14 mpaka 37. Ndi imene ambiri amati anamuonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho ija. Nyumba iliyonse itawonjezera K500, ine n'kuikapo zotsala, tingawagulire pa tsiku lawo lobadwa mu Juni.

Chisomo: Achimwene, anthu akulephera K200.

Amake Dalitso: Mwala wa pamanda a Amayi ku Leopards Hill unatsala ndi ngongole ya nyumba ziwiri. Ndinamaliza ndine. Sindinanenepo kanthu, ndipo lero sindikunenanso.

Bambo a Tiya: K500 ya chiyani? Ndinaonapo munthu mutauni akugulitsa za Aroma zomwezo, zitatu K100.

Yohane: Zimenezo n'zothira mu chikombole. Mukaziyang'ana m'mphepete muona mzere pomwe zibanthu ziwiri zinakumana, ndi timaenje ngati ta chitumbuwa. Yeniyeni imakhala yosula ndipo imalemera pang'ono kuchepera magalamu 4. Kasikelo tikugula kaja ntchito yake ndi imeneyo.

Dalitso: Amalume, ndawawerengera Agogo. Aseka. Akuti Tiberius mumusiye, munthu azikhala ndi chinthu chimodzi chosapeza. Akuti wolandira kope ndiye alandirenso ngongole yomusaka.

Amake Mwai: Chaka chino ku Kulamba tipita? Tiyambiretu kusonkha ya basi, Ogasiti sachedwa.

Chisomo: Alamu, msonkhe umodzi pa nthawi.

Azakhali ku Katete: mubwele ndi shuga

Chisomo: Azakhali alemba okha lero! 👏

Dalitso: Pali kanthu kena, ndanena ndi Amama kale. Powerenga dzulo tapeza 213, m'kope muli 214. Likusowa ndi 5 shillings ya 1965, ya mutu wa Kaunda, ija anatulutsa pokumbukira chaka chimodzi cha ufulu. Kapepala kake kalipo, kobiri palibe. Agogo akuti analiona komaliza pa Khirisimasi ya chaka chapitacho, pomwe ankaonetsa anthu pakhonde.

Chisomo: Pakhondepo tinalipo ochepa.

Bambo a Tiya: Ine ndinali ku Chipata, aliyense akudziwa.

Chisomo: Palibe wakutchulani.

Amake Dalitso: Amene analibwereka alibweze Loweruka. Aliike pa tebulo la kukhitchini pansi pa nsalu, palibe adzafunse.

Limbani watuluka m'gulu

Amake Mwai: Mwina foni yavuta.

Yohane: Ndimuimbira.

Lachisanu

Amake Dalitso: Mndandanda. Ine K200. A Yohane K200. Chisomo K200. Amake Mwai nkhuku imodzi, K70 sinafike. Azakhali sitiwawerengera. Asuweni palibe. Limbani palibe. Mawa lake la Lamlungu ndikupita ku msika wa Soweto kukagula mpunga ndi mafuta, ndikufuna ndalama m'manja.

Bambo a Tiya: Ine maganizo anga sanasinthe. Tiitane munthu awerengere mtengo, tigulitse, tigawane. Kapena tigawane makobiriwo, aliyense aone chochita ndi ake. Zikakhala kwa munthu mmodzi mawa tidzamva kuti zinasowa.

Chisomo: 213 kugawa nyumba zisanu. Wina atenge mapeni oboola pakati okhaokha, wina siliva. Nkhondo yake mudzailetsa ndinu?

Yohane: Komanso a Federation aja kukoma kwake n'kukhala pamodzi. Atate anayamba ndi peni ya njovu ziwiri, kenako tiki, sikisi, sheleni, mpaka hafu koloni, ndipo hafu peni yomaliza aipeza chaka chatha chomwechi. Pambuyo pake pakubwera a Zambia a 1964, kenako ngwee zoyamba za 1968 pamene kwacha inalowa, K2 kusinthana ndi paundi imodzi. Ukayala pa tebulo umaona dziko likusintha dzina. Mukamwaza, aliyense atsala ndi tizitsulo ta m'dilowa.

Bambo a Tiya: Ine ndili ndi jumbo yodzaza ndalama zija zinatha mu 2013 atachotsa maziro atatu. Ndiyale pa tebulo inenso?

Chisomo: Yalani, Tiya azisewera wolemera.

Dalitso: Agogo atenga foni. Akuti ndilembe mmene akunenera, ndisasinthe.

Dalitso: Ana anga, ndamva zonse. Makobiri sagawidwa ndipo sagulitsidwa. Akhala m'manja mwa Dalitso chifukwa ndiye wakhala nane pansi kuwerenga timalemba mpaka maso kuwawa. Si ake, ndi wosunga. Buku likhala ndi makope atatu, lina kwa mkulu wanu ku Chilenje, lina kwa Yohane. Januwale aliyense muzikumana, muziwerenga, wosunga azilemba chofuna kupeza chaka chimenecho. Ndidzasaina Loweruka pamaso pa mboni ziwiri za kumpingo, osati achibale. Koma la 1780 lija mwana wa mlongo wanga wanena zoona. Linabwera ndi atsibweni, lipita kwa iye. Naye adzapatse mwana wa mlongo wake. Limbani mumubwezere m'gulu, ndi mwana wanga.

Amake Mwai: Amen 🙏

Azakhali ku Katete: (uthenga wa mawu, 0:09)

Dalitso: Akungolulutira.

Chisomo: Asuweni mwangoti zii bwanji? Poloti ija yapezeka.

Amake Dalitso wabwezera Limbani m'gulu

Bambo a Tiya: Zikomo atsibweni. Ndidzabwera ndi Amama anu a Tiya.

Bambo a Tiya: A Yohane, mwati magalamu 28. Siliva pa galamu ndi zingati masiku ano?

Chisomo: 😂😂😂

Amake Dalitso: Yalowa K100 kuchokera ku Kanyama. Asuweni, inayo?

Bambo a Tiya: Mwezi ukatha.

Amake Dalitso: Loweruka lifika mwezi usanathe. Amake Mwai, K70. Limbani, ndikukuona uli pa intaneti.