Ndiwathandize bwanji mayi wamasiye osawachititsa manyazi?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo. Ndimachita lendi ku Area 25, ndipo khomo loyandikana ndi langa kumakhala mayi wamasiye wa ana atatu. Amagulitsa tomato ku Nsungwi, koma masiku ena amabwerako chimanjamanja. Mwezi wathawu ndinamva kamwana kawo kakulira njala usiku, ndiye kutacha ndinawapatsira ufa ndi sopo. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinaperekera pampopi, amayi anzathu akuona. Chichokereni tsiku limenelo amandizemba, moni amayankhira kumbali.

Mateyu 6:3 amati dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita, ndipo Yakobo 1:27 amatiuza kuti tiziyendera amasiye m'masautso awo. Koma pamalo pothinana ngati pathu, pomwe ngakhale ndiwo zamnzako umazidziwa ndi fungo, chinsinsi chingatheke bwanji?

Ndaganizapo zomagula tomato wawo wambiri, kapena kudutsira kwa amayi amvano, koma ndikuopa kuti nkhani ingafalikire mpingo wonse. Kodi ndipite kukapepesa kaye? Amene munakumanapo nazo, munatani?