Amphaka otsalawa ndiwateteze bwanji?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Ndili ku Luchenza kuno, ndipo sabata yatha mphaka wanga wamkazi anafa. Anayamba ndi kukana chakudya, ngakhale usipa umene ankalimbirana ndi anzake, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Mankhwala a makoswe ayi, pakhomo pano sitithira.

Mtima suli m'malo chifukwa cha awiri otsalawa. Onse ankadyera mbale imodzi, kugonanso pa chiguduli chimodzi kukhitchini. Chigudulicho ndatentha, mbale ndatsuka ndi Jik. Wamng'onoyo akudya ndithu, koma akungobindikira kuseri kwa matumba a chimanga. Kodi n'kusowa mnzake chabe, kapena matenda amuyamba? Nanga alangizi a ziweto ku Thyolo boma amabaya amphaka katemera wina kupatula wa chiwewe, kapena ndingopita nawo ku Blantyre?