Galimoto yothamangitsa pabwalo ija: ndinatenga Mazda MX-5

Anzanga, paja ndinafunsa kuti pakati pa Renault Clio 182 ndi Mazda MX-5 yakale, ndi iti ingandiyenere pa masiku othamangitsa galimoto pabwalo kuno ku England, ndalama zili zochepa. Ambiri munati Clio chifukwa ili ndi mphamvu zambiri. Ine ndinatenga MX-5 ya 2001, ya injini ya malita 1.8. Imakoka ndi matayala akumbuyo, imalemera makilogalamu oposa 1,000 pang'ono, ndipo sidya matayala ndi mabuleki ngati galimoto zolemera.

Mdani wa galimoto izi ndi dzimbiri, chifukwa cha mchere womwe amathira m'misewu nthawi yachisanu. Ina yomwe ndinakaona inkawala bwino kunja, koma nditadina ndi chala m'munsi mwa chitseko, pafupi ndi tayala lakumbuyo, chitsulo chinangoti fwafwa. Gwadani muone pansi musanatulutse ndalama.

Injini sindinaikhudze, ndipo sindikufuna. Ndinayamba ndi mabuleki: mapadi opirira kutentha ndi mafuta a mabuleki atsopano a mtundu wa DOT 4, poti akale amawira, phazi n'kungolowa pansi mukufika pakona. Kenako chitsulo choteteza mutu galimoto ikagubuduzika, popeza denga lake n'lansalu. Pamenepa musaumire ndalama ayi.

Ku bwalo lothamangitsira galimoto la Cadwell Park, komwe msewu ndi wopapatiza komanso wa zitunda, mabuleki anagwira mofanana mpaka madzulo. Ekizozi sindinasinthe, ndinasiya yakale yomweyo chifukwa amayeza phokoso musanalowe. Dziwaninso kuti inshulansi ya pamsewu nthawi zambiri sigwira ntchito pabwalo. Tsopano ndikusunga ndalama zogulira matayala.