Funso: tingatsimikize bwanji mayina a asilikali a KAR a nkhondo ya 1939 mpaka 1945?

Moni nonse akuluakulu pagulu pano. M'dera mwathu tikulemba mayina a asilikali a King's African Rifles (KAR) omwe adamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Ethiopia komanso ku Burma, komwe gulu la 11th East African Division lidalowa m'chigwa cha Kabaw mu 1944. Vuto ndi la umboni.

Tafufuza pa intaneti mu kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, koma mumangopezeka omwe adafera ku nkhondo. Obwerako amoyo mulibe. Mabanja ena adasunga mamendulo a Burma Star ndi Africa Star, koma sadazokotepo dzina kapena nambala ya msilikali, ndiye sangasonyeze mwini wake. Chosautsa kwambiri ndi mayina: ambiri adalembetsa usilikali ndi dzina lina osati lakumudzi, ndipo alembi achizungu ankawalemba mokhotakhota. Ana awo nawonso akalamba, nkhani zikutha.

Kodi mabuku olembamo asilikali a Nyasaland ali ku National Archives ku Zomba, kapena adapita ku Britain? Nanga popanda nambala, munthu angafufuze ndi dzina la mudzi, mfumu ndi boma lokha? Amene mudayesapo, chonde tiuzeni poyambira.