Wodwala akufuna gene therapy ya ku Toronto, ndimuyankhe bwanji?

Anaphiri (namwino, wodi ya mapapo):
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tili ndi bambo wina amene anamuika mapapo atsopano zaka zitatu zapitazo. FEV1 yake (mpweya umene amautulutsa pa sekondi yoyamba akapuma mwamphamvu) ikungotsika mwezi ndi mwezi, ndipo madokotala akukayikira CLAD, kufooka pang'onopang'ono kwa mapapo oikidwa. Mwana wake wawerenga pa intaneti kuti ku Toronto kuli gene therapy (chithandizo cholowetsa majini m'maselo) yoletsa thupi kukana mapapo, ndiye dzulo anandipanikiza kuti bwanji sitikuwapatsa bambo ake. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti bamboyo akuti tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana mapapowo, ikumunjenjemeretsa manja, kapu ya tiyi akuchita kugwira ndi manja awiri, ndipo akuganiza zomadumpha masiku. Mawa ndikumana nawonso.

aGama (pharmacist):
Za Torontozo ziyambe zadikira, achemwali. Munthu akanena zodumpha, nthawi zambiri amakhala anayamba kale. Auzeni adokotala lero lomwe, ndipo mawa atenge magazi a trough, oyezera mlingo wa tacrolimus m'magazi, asanamwe mankhwala a m'mawa. Kunjenjemerako kumabwera mlingo ukakwera. Funsani ngati wayamba voriconazole, clarithromycin, kapena juwisi wa grapefruit, zonsezi zimaukweza. Kuchepetsa dozi n'kotheka, ena amawasinthira ku ciclosporin.

Dr Chisale:
aGama alasa. Koma mwanayo musamubweze ngati wabweretsa bodza, kafukufukuyo alipodi. Mu 2009 gulu la Shaf Keshavjee ndi Marcelo Cypel ku Toronto linatenga mapapo a anthu omwalira amene anakanidwa kuti ndi owonongeka. Anawaika m'makina a EVLP, osungira mapapo kunja kwa thupi, momwe mapapo amakhala m'chivundikiro choonekera pa 37°C, ventilator ikuwapumitsa, madzi apadera akuyenda m'mitsempha m'malo mwa magazi. Kudzera mu bronchoscope, kachubu koonera m'njira za mpweya, anathiramo kachilombo ka adenovirus konyamula jini ya IL-10, puloteni yoziziritsa kutupa. Patatha maola 12 mapapowo ankalowetsa oxygen bwinoko ndipo zizindikiro za kutupa zinatsika.

Apa ndi pofunika kumveketsa: mapapo amenewo sanawaike mwa munthu. Zoika m'thupi anayesera pa nkhumba. Chachiwiri, chithandizocho chimachitika mapapo ali kunja, opareshoni isanachitike, kuti jini ilowe m'mapapo mokha osafalikira thupi lonse. Mapapo a bambo anuwo ali kale m'chifuwa.

Komanso adenovirus siphatikiza jini mu DNA ya maselo, choncho mphamvu yake imazilala pakapita milungu, pamene CLAD imakula kwa zaka, timachubu ta mpweya tikuphimbika ndi zipsera. Pafupifupi theka la oikidwa mapapo amakhala nayo pofika zaka zisanu. Mwanayo akadandaula kuti ofufuza akuzengereza, mukumbutseni kuti imfa ya Jesse Gelsinger, mnyamata amene anali pa kafukufuku wina wa gene therapy ku Pennsylvania mu 1999, inachokeranso pa adenovirus yonyamula jini, ndipo kuyambira pamenepo palibe amathamanga nazo.

Anabanda:
Kusokonezeka kwina n'koti EVLP payokha, yopanda majini, ikugwira kale ntchito m'zipatala. Anthu amaona kanema wa mapapo akupuma m'galasi n'kuganiza kuti zonse zinatheka. Ine ndimajambula papepala: mapapo mu bokosi, mapapo m'chifuwa, mzere pakati. Ndipo mufunseni bamboyo payekha, mwana atatuluka. Pamaso pa ana, akulu savomera kuti akudumpha mankhwala.

Anaphiri:
Zikomo nonse. Ndamufunsa payekha monga mwanenera Anabanda, akuti sanadumphepo, koma anapatsidwa clarithromycin sabata yatha kwina atadandaula chifuwa, osatiuza. Trough yatuluka yokwera, adokotala aimitsa clarithromycin ndi kutsitsa dozi. Bronchoscopy ndi Lachinayi. aGama, magazi tibwereze patatha masiku angati?