Amayi samamva bwino, tsopano ayamba kuiwala: kodi zimagwirizana?

Nabanda wa ku Area 25:
Anzanga, ndigawireniko nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74, amakhala kwathu ku Ntcheu. Makutu anayamba kuvuta kalekale, ife n'kumangoseka kuti amasankha zomva. Koma pa Isitala ndinachita mantha. Anaphika nkhwani wotendera, anathira mchere kawiri, kenako n'kundifunsa ngati ndathiramo mchere. Usiku womwewo cha m'ma 2 koloko anatuluka khasu paphewa, akuti akupita kudimba, dimba lomwe tinagulitsa bambo atamwalira. Anawabweza ndi mnyamata wa aneba. Mukudziwa mmene kumudzi amaonera gogo woyenda usiku. Manong'onong'o ayamba kale.

Achimwene anga a ku Joni atumiza uthenga pa WhatsApp kuti kugontha n'kumene kumayambitsa dementia, matenda a ubongo oiwalitsa zinthu, ndiye tigule makina a m'makutu amayi achira. Ndalama zake si zamasewera. Zoona zimenezi?

Jere77:
Ndi ukalamba basi, asisi. Agogo anga ankateronso. Musataye ndalama.

Namwino wa ku Leeds, ku England:
Achimwene a Jere, pepani, apo ndikutsutsani. Kuiwala komwe waika makiyi ndi ukalamba, koma kupita kudimba lomwe linagulitsidwa ndi matenda. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno, ndimaziona tsiku ndi tsiku.

Achemwali, achimwene anuwo amva mbali imodzi yokha. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston wa ku London, linatchula mu 2020 zinthu 12 zomwe zimakweza chiopsezo cha dementia, ndipo kusamva bwino kunali pamwamba penipeni. Mu 2024 anawonjezera vuto la maso ndi kolesterolo (mafuta a m'magazi), zinakwana 14, ndipo akuti zonsezi pamodzi zimakhudza pafupifupi 45 peresenti ya odwala. BP, shuga, fodya, mowa ndi kukhala wekhawekha zili momwemo. Ganizo lawo n'lakuti khutu likamavuta, ubongo umatopa ndi kulumikiza mawu oduka, komanso munthu amasiya kucheza chifukwa cha manyazi ofunsa "mwati bwanji?" katatu.

Koma zonsezi ndi za kupewa. Ku America anayesa makina a m'makutu aja pa okalamba pafupifupi 1,000 kwa zaka zitatu, kafukufuku wotchedwa ACHIEVE, zotsatira zinatuluka mu 2023. Pa gulu lonse sipanaoneke kusiyana. Kunaoneka pa okhawo amene anali pachiopsezo chachikulu, nzeru zawo zinatsika pang'onopang'ono poyerekeza ndi anzawo. Ndipo onsewo anali asanadwale. Ndiye mawu oti "achira" aja achotseni m'mutu.

Dokota wa kuboma:
Musanagule kalikonse, atengereni kuchipatala. Pali zina zomwe zimafanana ndi dementia koma zimachizika: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda a m'chikhodzodzo, ngakhale kuvutika maganizo chimwalirire bambo. Ayezedwe BP, shuga, HIV ndi chindoko, musachite nazo manyazi. Ayang'anidwenso m'makutu. Ndinaonapo agogo ena omwe ana awo ankati agonthi, pamene linali phula lokhalokha. Poti muli ku Lilongwe, ku ABC (African Bible College) kuli kiliniki ya makutu, ku Blantyre iliko ku Queens.

China: mayeso ambiri a nzeru anapangidwira anthu opita kusukulu. Kuuza mayi amene sanagwirepo cholembera kuti ajambule wotchi n'kumulakwira. N'chifukwa chake ku Hai, ku Tanzania, ofufuza anapanga mayeso awo otchedwa IDEA, omwe safuna kulemba: munthu amatchula nyama zomwe akudziwa, dzina la mfumu ya m'mudzi, n'kuyala machesi motsanzira. Mukapita, muuze woyezayo kuti amayi analekezera pati sukulu komanso kuti samamva bwino, asawaweruze pa funso lomwe sanalimve n'komwe.

Nabanda wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Za kucheza zija zandilasa mtima. Amayi anasiya kupita ku Mvano chaka chathachi, ankati miyendo, ife tinakhulupirira. Tsopano ndakumbukira kuti pa maliro a azakhali anakhala payekha kuseri kwa nkhokwe, kumangogwedeza mutu aliyense akawalankhula.

Loweruka ndikukawatenga. Achimwene ndawauza kuti ndalamazo ayambe asunga, tiyambe ndi zoyezazo. Ndidzayambanso ndadzera kwa amfumu ndi kwa abusa kukawafotokozera kuti amayi akudwala, nkhani ya khasu ija isanakule. Koma a Namwino, funso lina: akamafunsa kuti bambo abwera liti kuchokera kumunda, ndiziwauza zoona? Ndinawauza kamodzi, analira ngati maliro achitika tsiku lomwelo.