Kodi luso la Robert Johnson linachokeradi pa mphambano?

Wophunzira Gitala:
Akuluakulu, ndili ndi funso kwa inu amene mumatsatira mbiri ya nyimbo za blues. Mwezi wathawu ndinayamba kumvetsera nyimbo za Robert Johnson, woyimba wa ku Mississippi, ku America, amene anamwalira mu 1938 ali ndi zaka 27 zokha, ndipo kunena zoona, sindinamve chodabwitsa chilichonse kupatula mawu a munthu mmodzi, gitala imodzi ndi phokoso la chimbale chakale. Komabe ambiri amamutchula ngati kholo la oyimba, ndipo amawonjezera nthano yakuti anagulitsa mzimu wake kwa mdyerekezi pa mphambano pakati pa usiku kuti apatsidwe luso. Kodi ulemu wonsewu ukuchokera ku kayimbidwe kake, kapena ndi nthanoyi imene inamukweza?

Mkulu wa Nsambo:
Bwererani mukamvetserenso, koma ulendo uno tcherani khutu ku nsambo zokhuthala za gitalayo. Mudzamva kugunda kwa pansi kosadukiza, konga kwa dzanja lamanzere la woyimba piyano, pamene nsambo zopyapyala zikuyankha mawu ake pamwamba, ndipo m'nyimbo zina amatereretsa chinthu chosalala pa nsambo mpaka gitala kumveka ngati ikulira maliro. Keith Richards wa gulu la Rolling Stones atamva nyimbo za Johnson koyamba anafunsa kuti mnzake amene akuyimba naye gitala ndani, osadziwa kuti zonsezo zinkachokera m'manja mwa munthu mmodzi.

Za mphambanozo ine sindigwirizana nazo, chifukwa zimamulanda munthu thukuta lake. Son House, woyimba wina wa blues amene anamudziwa Johnson ali mnyamata, ankasimba kuti poyamba Johnson ankangosokosera anthu ndi gitala, kenako anasowa kwa kanthawi n'kubwerera atasanduka katswiri. Nthawi imene anasowayo anali kufupi ndi kwawo ku Hazlehurst, kumene ankaphunzira kwa Ike Zimmerman, ndipo a m'banja la Zimmerman ankanena kuti awiriwa ankayeserera usiku kumanda chifukwa kunali bata. Ifenso munthu akapambana mwadzidzidzi timathamangira kunena kuti ali ndi chizimba, mphunzitsi wake osamutchula n'komwe. Dziwaninso kuti nkhani yomweyi ya mphambano inkanenedwanso za woyimba wina wotchedwa Tommy Johnson, amene sanali m'bale wake.

Mayi a Zimbale:
Ndikuvomereza za luso lake, koma wofunsayu sanalakwe kukayika. Johnson ali moyo sanali wotchuka kwenikweni, ndipo anajambula nyimbo 29 zokha, zina mu hotela ina ku San Antonio mu Novembala 1936, zina ku Dallas mu Juni 1937. John Hammond, mkulu wojambulitsa nyimbo, atamufuna kuti akayimbe mu holo ya Carnegie Hall ku New York mu Disembala 1938, anapeza kuti anamwalira kale mu Ogasiti, choncho anthu a m'holoyo anangowayimbira zimbale zake. Dzina lake linadzakula kampani ya Columbia itasonkhanitsa nyimbo zake m'chimbale chimodzi mu 1961, chimene chinafika m'manja mwa anyamata a ku Britain monga Eric Clapton. Popeza za moyo wake zinkadziwika pang'ono kwambiri, nthano inalowa m'malo mwa mbiri, ndipo oyimba ngati Charley Patton, amene anthu a ku Delta, dera la ku Mississippi, ankawadziwa bwino koposa, anatsalira kumbuyo.

Mkulu wa Nsambo:
Zimenezo n'zoona, mayi, koma tisaiwale kuti kayimbidwe kake sikanadikire anthu a ku Britain. Robert Lockwood Jr. anaphunzira gitala kwa iye mwini, Johnny Shines anayenda naye maulendo, ndipo Elmore James anatchuka mu 1951 ndi nyimbo imene Johnson anajambula ku San Antonio. Kugunda kwa pansi kuja kunafika ku Chicago kudzera mwa anthu otere.

Wophunzira Gitala:
Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinayesa kugunda nsambo zokhuthala kwinaku ndikuyimba mawu, ndipo dzanja linkaima nthawi iliyonse imene ndatsegula pakamwa.